Firiji ya a Terpstra Itasiya Kuzizira

Amene anaulula nkhani yonse ndi batala. Marrit atatsegula firiji m'mawa umenewo kuti apake pabuledi, anapeza batalayo wasanduka msuzi wachikasu, akuyendayenda yekha m'kambale. Anagwira botolo la mkaka, nalonso linali lofunda ngati mkakawo wangokamidwa kumene. Kenako anagwira kabokosi koyera kamene kanali pachitseko cha firijiyo, nakonso kanali kofunda.

"Ababa, firiji siikuzizira."

Bambo ake, a Sjoerd Terpstra, anali panja pampando wopinda, akuyang'ana kalavani yawo, kanyumba kamatayala kogonamo paulendo, monga momwe makolo ena amayang'anira mwana amene wakhoza mayeso. Chaka chilichonse ankaikoka ndi galimoto kuchoka kwawo ku Friesland mpaka kumwera kwa France, itadzaza mbatatesi, tchizi ndi khofi wakwawo, pakuti a Terpstra sankakhulupirira chakudya chimene sichinawoloke nawo malire. Pamsasa wonse wa apaulendowo panalibe kalavani yonyezimira ngati yawo. Anaitsuka okha asananyamuke, mpaka ndi kunsi komwe, kumene kumaonedwa ndi achule okha.

"Firiji imeneyo siingasiye kuzizira," anayankha osatembenuka. "Kapena sunatseke bwino chitseko."

"Ndinatseka. Tabwerani mudzagwire mankhwala anga."

Marrit anali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo ankadwala matenda a shuga kuyambira ali wamng'ono. M'kabokosi koyerako munali insulini wa tchuthi chonse, mankhwala amene ankadzibaya tsiku ndi tsiku. Mankhwala amenewa akatentha kwambiri amatha mphamvu mwakachetechete, osanunkha, osasintha mtundu. Amayi ake, a Aukje, anatsalira kuntchito ndipo anali oti abwera pa sitima Loweruka. Ponyamuka anawauza amuna awo kuti, "Sjoerd, china chilichonse chiwole ngati chikufuna, koma kabokosi aka kasatenthe." A Terpstra anayankha kuti akulankhula ndi munthu amene anakhalapo wapampando wa bungwe la eni makalavani kawiri konse.

Analowa, napisa dzanja m'firijimo.

"Ndi kanthu kakang'ono," anatero. "Usanamalize kudya buledi wakoyo ndikhala nditakonza."

"Nanga tikanapita nawo kaye ku ofesi ya msasa, akatisungire m'firiji yawo?"

"Kuti msasa wonse udziwe zoti firiji ya Terpstra yafa? Khala pansi, mwana wanga. Uone bambo ako akugwira ntchito."

Firiji ya m'kalavani si yofanana ndi ya kunyumba. Ilibe injini yolira. Imazizira ndi moto: kumbuyo kwake kumatenthetsedwa ndi magetsi kapena ndi gasi, ndiye madzi a m'timapaipi take amazungulira n'kumakoka kutentha kwa m'kati. Kutenthako kumatulukira panja kudzera pa timawindo tiwiri ta m'khoma la kalavani. Zonsezi a Terpstra anamufotokozera Marrit atagwada pansi, ngakhale kuti iye sanafunse.

Anayamba ndi magetsi. Analondola chingwe kuchokera pakalavani mpaka pamtengo wa magetsi, anazula, anauzira, anabwezera. Anatulutsa mafyuzi onse, n'kumayang'ana iliyonse padzuwa ngati munthu wosankha mazira pamsika. Onse anali abwino. Anasintha firiji kuti iziyendera gasi. Kamoto kabuluu kanayaka bwinobwino. Anadikira, anapisanso dzanja. M'firijimo munali mofunda ngati m'khwapa.

Dzuwa linakwera. Anyenje anayamba kulira m'mitengo. M'kalavanimo munayamba kutentha moti tchizi chinayamba kutuluka thukuta pamodzi ndi mwini wake.

Pamsasa ngati umenewu pali mwambo umene palibe anauyambitsa. Mwamuna akangotulutsa bokosi la zitsulo, amuna anzake amabwera mmodzimmodzi, manja kumbuyo, akuyenda pang'onopang'ono ngati anthu opita kumaliro a munthu amene sankamudziwa bwino. Woyamba kufika anali a Evert, bambo wamimba yaikulu amene sanaonekepo atavala malaya chifikireni. Pambuyo pawo panabwera a Cor, woonda, wovala masokosi m'nsapato zamaliwondo.

"Yafa?" anafunsa a Evert, atasuzumira pakhomo.

"Siinafe ayi," anayankha a Terpstra. "Ikungoganiza kaye."

"Yanganso inayamba kuganiza choncho chaka chatha. Mpaka lero ikuganizabe."

"Levulo mwaikapo, akulu?" anafunsa a Cor. "Izi zikangopendekeka pang'ono, basi, zimanyanyala."

A Terpstra anamwetulira, pakuti funso limeneli ankalidikira. Anatulutsa levulo ziwiri zoyezera kupendekeka, yaitali ndi yaifupi, naziika pansi. Kathovu kanakhala pakati penipeni ngati mwana womvera.

"Nanga timawindo ta kunjato? Mpweya ukutuluka?"

"Kumeneko ndaona kale."

Kunena zoona, sanaone. Tsiku lofika anaimika kalavani moigunditsa kumpanda wa zitsamba zaminga, kuti bwalo lawo likhale lalikulu kuposa la wina aliyense. Mbali ya timawindoyo inali kumpandako, ndipo ngakhale mphaka akanaganiza kawiri asanadutsepo. Koma munthu amene anakhalapo wapampando kawiri sanena pamaso pa anzake kuti pali mbali imene sanaone.

Marrit anali atakhala pabedi, kabokosi kali pamiyendo. Anali atakakulunga m'kathaulo konyowa, monga anamuphunzitsira kuchipatala, koma kathauloko kankangouma. Kukhosi kwake nakonso kunali gwa. Anali atamwa kale mabotolo angapo a madzi, ludzu osatha.

"Ababa, ofesi yatsekedwa tsopano," anatero. Ndi zoona, pakuti Afalansa akapita kukadya nkhomaliro amapita ndi mtima wonse, ndipo sabwerera msanga. "Bwanji tikapemphe kwa mayi a pafupiwa?"

A Terpstra anaimika sikuludiraiva m'malere.

Mayi a pafupiwo anali a Godelieve a ku Belgium, amene ankakhala okha m'chigalimoto chakale chadzimbiri. Tsiku lofika lomwe lija, a Terpstra anapeza chingwe choyanikira zovala cha mayiwo chitamangidwa pamtengo umene, poyeza bwino, unali mbali yawo. Anamasula chingwecho, napita kukawapatsa zovala zawo zonyowa m'manja, ndi zam'kati zomwe, n'kuwafotokozera mwaulemu pamene malo a munthu amathera. Kuyambira tsiku limenelo mayiwo ankawapatsa moni wakuti, "Mwadzuka bwanji, Bwana Malire?"

"Kumeneko sitipita," anatero a Terpstra. "Ndatsala pang'ono."

"Ndipite ndekha?"

"Ndati sitipita. A kwa Terpstra sitiyenda ndi katundu m'makomo mwa anthu."

A Evert anakanda mimba yawo. "Tamverani kumbuyoko. Ikakhala yamoyo, madzi aja amamveka akuyenda, ngati m'mimba mwa munthu wanjala. Ikakhala zii, ndiye kuti atsekeka."

A Terpstra anagwada, nagunditsa khutu pafiriji. A Evert ndi a Cor anagwira mpweya. M'kalavani monse munangoti phee. Nthawi yomweyo foni ya Marrit inalira, kulira kwake kosongoka, kobwerezabwereza. Pamkono pake panali kachipangizo komata koyeza shuga, ndipo shuga akakwera kapena kutsika kwambiri foniyo inkachenjeza.

"Iwe, tazimitsa chinthu chakocho!" anakalipa a Terpstra, khutu likadali pafiriji. "Sukuona kuti ndikumvetsera?"

Marrit anawayang'ana bambo ake kumsana. Thukuta linali litajambula mzere pamalaya awo. Anazimitsa kulirako, ananyamula kabokosi kake, n'kutuluka. Amuna atatuwo anamupatsa njira osamuyang'ana.

"Zii," analengeza a Terpstra patapita kanthawi.

"Ndiye mankhwala ake ndi amodzi basi," anatero a Evert mosangalala. "Kuizula, kuitembenuza chadodolido, igone choncho. Madzi aja amasukamo. Mlamu wanga anachitapo."

"Inachira?"

"Iyayi, koma iye sanatembenuze bwino."

Kuti firiji izulidwe, paipi ya gasi iyenera kumasulidwa cha kunja, kudzera pa kawindo kam'munsi. Choncho kalavani inayenera kuchoka kumpanda kuja. Apa a Terpstra nkhope inawala pang'ono, chifukwa kalavani yawo inali ndi timainjini pamatayala, ndipo inkayenda yokha ndi limoti. Anatseka gasi, anazula chingwe cha magetsi, anakweza miyendo ya kalavani, kenako anaima chapatali, limoti ili m'manja. Anthu ena awiri atatu anaima kuti aonerere. Kalavani inanjenjemera, n'kuyamba kukwawa ngati kamba, kuchoka kumpanda kuja.

Atatuwo anazungulira kuseri.

Pa timawindo tiwiri tija panali zivindikiro ziwiri zapulasitiki, zoyera mbee, zotsekedwa molimba bwino. Ndi zija timaika m'nyengo yachisanu, kapena potsuka kalavani kuti madzi asalowe. A Terpstra anaziika tsiku limene ankatsuka, kwawo ku Friesland. Firiji inayenda ulendo wonsewo, n'kukhala masiku padzuwa la ku France, itatsekedwa pakamwa ndi mphuno.



"Akulu," anatero a Evert mofatsa, "mwaiveka jekete chilimwe chino?"

"Koma zivindikirozo n'zoyera," anawonjezera a Cor. "Pamenepo tisaname."

A Terpstra makutu anafiira. Anachotsa chivindikiro cham'mwamba, ndipo mpweya wotentha unawaomba kumaso ngati atsegula uvuni. Anachotsa chinacho. Anabwezera magetsi, anaika levulo, nayatsa firiji. Pomaliza anapukuta manja, natukula chifuwa pang'ono, pakuti munthu akhoza kugwa koma n'kudzuka ngati amafuna kutola kanthu.

"Mwaona? Ndinati ndi kanthu kakang'ono. Yakonzeka."

"Eee, yakonzeka," anavomera a Cor. "Pofika mawa m'mawa ikhala itazizira."

"Mawa?"

"Nanga mwaiwala? Izi sizithamanga. Ndi kutentha kumeneku, mwinanso mawa masana."

A Terpstra ankadziwa zimenezi. Anaphunzitsapo anthu ena zimenezi. Anaima pakhomo la kalavani akuyang'ana firiji imene anaikonza, yopanda kanthu kofunika m'kati mwake, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anadzifunsa kuti ankaikonzeranji. Anayang'ana pabedi. Panalibe munthu.

Anamupeza pampopi wa madzi, kuseri kwa mabafa, atakhala pansi pamthunzi wa khoma. Ankanyowetsa kathaulo kaja, kukulunga kabokosi, kudikira pang'ono, kunyowetsanso. Milomo yake inali youma, maso olemera.

"Firiji yakonzeka," anatero a Terpstra. Mawuwo anatuluka aang'ono kuposa momwe anawakonzera.

"Chabwino."

"Koma izizira mawa."

Marrit anagwedeza mutu, ngati ankadziwa kale. Kenako anawapatsa foni. Pagalasi panali nambala, ndi kamzere kokwera phiri. A Terpstra anaiyang'ana nambalayo nthawi yaitali. Ankadziwa mpweya woyenera m'tayala lililonse la kalavani. Ankadziwa kulemera kwa botolo la gasi, lodzaza ndi lopanda kanthu. Koma nambala iyi sanadziwe ngati inali yabwino kapena yoipa. Zimenezi ankaziona ndi a Aukje.

"Wakwera," anatero Marrit. "Kuyambira dzulo madzulo. Ndabaya, koma sakutsika. Jakisoni amene ndikugwiritsa ntchito ndinamutenga m'bokosi momwemu dzulo. Mwina watha mphamvu. Mwinanso onsewa."

"Bwanji sunandiuze?"

"Munati ndizimitse."

Sananene mokwiya. Anangonena monga munthu amanenera kuti kunja kukutentha. A Terpstra anakhala pansi, pasimenti yonyowa, ndi kabudula wawo wosita. Mpopi unkadontha. Kutali ana ankakuwa m'dziwe losambira.

"Ndipatse kabokosiko," anatero. "Ungathe kuyenda?"

Mayi Godelieve anali pakhomo la chigalimoto chawo, mapazi ali m'beseni la madzi, akusenda anyezi. Ataona amene akubwera anaika mpeni pansi.

"Taonani, Bwana Malire! Mwawoloka mpaka kuno? Chiphaso muli nacho?"

"Mayi, ndabwera kudzapempha."

"Nenaninso, khutu ili silimva bwino."

"Ndabwera kudzapempha," anabwereza a Terpstra, mokweza, moti a Evert ndi a Cor, amene anali akubwerera kwawo, anamva. "Firiji yanga ndinaitseka ndekha ndi zivindikiro. Awa ndi mankhwala a mwana wanga, ndipo atentha chifukwa cha ine. Mutisungireko."

Mayiwo anali atakonza kale nthabwala ina, inkaoneka pamilomo. Koma anayang'ana Marrit, n'kuimeza. Anatulutsa mapazi m'beseni, nalowa m'galimoto akusiya mapazi onyowa pansi. Firiji yawo inali yakale, yachikasu, chitseko chomangidwa ndi lamba. Ataitsegula munatuluka mpweya wozizira bwino. Anayamba kutulutsa mabotolo a mowa ndi chibotolo cha mayonezi chachikulu ngati ndowa.

"Mumaikonza bwanji kuti izizizira chonchi?" anafunsa a Terpstra, chizolowezi chitawapitirira.

"Sindiigwira. Nayonso siindigwira. Bwera, mwanawe, uike wekha pamene ukufuna."

"Pakati," anatero Marrit. "Asakhudze poundana. Akaundana ndiye atheratu."

"Mwamva, Bwana Malire? Uyu ndiye wapampando. Khala apa, mwana wanga, umwe madzi. Inu Bwana, mkazi muli naye? Muimbireni. Nkhope ya mwanayu sindikuikonda."

A Terpstra anaimba. A Aukje atayankha, iwo anayamba ndi mawu akuti, "Firiji inavuta pang'ono, koma ndai..." Anaima. Anayang'ana mwana wawo akumwa madzi m'kapu ya eni ake. "Aukje, ndalakwitsa. Mankhwala atentha, shuga wa Marrit wakwera kuyambira dzulo, ndipo sindikudziwa chochita. Ndiuze."

A Aukje anapempha kulankhula ndi Marrit, namufunsa mafunso achidule, iye n'kumayankha mwachidule. Foni itabwerera kwa a Terpstra, malangizo anali omveka: asadikire madzulo, apite naye kuchipatala cha m'tauni pompano, akamuone, ndipo akapeze insulini watsopano. Zina akambirana Loweruka. Mawu akuti Loweruka anatchulidwa mwa njira imene a Terpstra anaimva bwino.

Panatsala vuto limodzi. Chifalansa cha a Terpstra chinkathera pa kupereka moni ndi kufunsa mtengo wa dizilo.

"Mayi," anatero, "Chifalansa mumalankhula?"

"Ndimatukwana nacho bwino. Zinazo ndimayesa."

"Mungatiperekeze?"

Mayiwo anali atavala kale nsapato imodzi.

Atafika pagalimoto yawo yokokera kalavani, a Terpstra anatsegula chitseko cha woyendetsa, kenako anaima. Galimoto imeneyi palibe munthu wina anaiyendetsapo, ngakhale a Aukje. Anayang'ana Marrit, amene anali atakhala yekha kumbuyo, mutu atatsamiritsa pawindo. Anatembenuka, natambasula dzanja.

"Yendetsani ndinu. Ine ndikhala kumbuyo ndi mwana."

"Mukutsimikiza, aneba? Ine magiya ndimachita kuwafunafuna."

"Yendetsani."

Galimoto inadumpha kawiri isanachoke. Potuluka pachipata magiya analira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, ndipo tayala lakumbuyo linakwera mwala wa m'mbali mwa msewu. A Terpstra anatsinzina, napuma. Atatsegula maso anasendera pafupi ndi mwana wawo, namupempha foni ija.

"Tandiuza," anatero chapansipansi. "Nambala yabwino ndi iti? Uyambire poyambirira penipeni. Ine sindidziwa."

Marrit anawayang'ana kuti aone ngati akunena zoona. Kenako anaika chala pagalasi, pamene kamzere kaja kanayambira kukwera, n'kuyamba kufotokoza. Msewu wopita kutauni ndi wautali, wokhotakhota, ndipo a Godelieve anaphonya mphambano imodzi. Ulendo wonsewo a Terpstra sanamudule mawu mwana wawo ngakhale kamodzi.